Ngongole ya Maso

Ine ndine mwana wa kumtunda. Ndidabadwira ku Mkanda m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Zambia, ndipo mpaka lero ndikugwira ntchito ya boma ya ulangizi wa zaulimi kwathu komweko. Madzi aakulu amene ndidakula ndikuwadziwa ndi a m'dambo nthawi ya dzinja, aja amalekeza m'chiuno mvula ikagwa masiku atatu osakata. Nyanja ndinkangoimva pa wailesi ndi kuiona pa mapu a kusukulu, ndipo fungo lake ndinkalidziwira pa usipa wouma wa pamsika. Ndidakwanitsa zaka 40 ndisanaviikemo phazi. Sindichita manyazi kunena zimenezi, pakuti tilipo ambiri kwathu kuno amene tidzalowe m'manda osaiona nyanja imene alendo amadumphira maiko kuti adzaione.

Mwayi udadza ndi msonkhano wa kuntchito umene udachitikira ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala. Tidadzera ku Lilongwe ndi ku Dedza, n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kutentha kukuwonjezeka pa kona iliyonse. Zokambirana zitatha Lachisanu, ine ndi anzanga asanu tidasonkherana ndalama za alawansi kuti Loweruka tikaone Cape Maclear tisanabwerere kumudzi. Zimene ndikufuna kukambirana nanu, owerenga, zidachitika pa ulendo umenewu, pamwamba pa thanthwe la pa chilumba cha Thumbi. Ndidatsikako ndi funso limene mpaka lero silindipatsa mtendere: kodi n'chilungamo kuti malo asungidwe okongola kuti ine mlendo ndidzadyetsepo maso, pamene wobadwira pomwepo akuletsedwa kudyetsapo mimba?

Malowa eni ake amawatcha kuti Chembe, dzina la mudzi waukulu wa asodzi umene udatambalala m'mbali mwa gombe. Dzina loti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi mu 1859, pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankakhala ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, adakocheza pamalopa ndi sitima yawo ya Ilala n'kuyambitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo sadawalole kukhazikika. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda a anzawo amene alendo amakaona mpaka lero. Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene akuphatikiza mapiri a dera limeneli, zilumba zake, ndi madzi a mtunda wa mamita 100 kuchokera pagombe la malo otetezedwawo. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidalemba malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Midzi ngati Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo idatsala m'kati, ndipo anthu ake akadali asodzi monga adalili makolo awo. Koma m'madzi ozungulira zilumba muli lamulo loletsa kuponya ukonde kapena mbedza.

Tsikulo tidaliyamba ndi kunenerera. Mnyamata woyendetsa boti adatchula mtengo wake wa ulendo wa kuchilumba pamodzi ndi nkhomaliro. Ife tidaseka.

"Ifetu si azungu, achimwene," adatero mmodzi wa ife. "Ndife abale anu a pa Malawi pompano."

Tidamupanikiza mpaka adatsika kufika pa theka, ndipo tidakwera boti monyadira ngati anthu opambana mlandu pabwalo la mfumu.

Tili pafupi kukocheza, mnyamata uja adazimitsa injini, adaimba mluzu, n'kuponya kansomba pamadzi. Mumtengo wina wa pachilumba mudatuluka nkhwazi, mutu uli mbuu. Idatsika mwaliwiro, idatola kansombako ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga, n'kubwerera panthambi pake. Mbalame imeneyi ndimaiona tsiku ndi tsiku pa chizindikiro cha boma pamwamba pa makalata a ku ofesi, ndiponso pa mbendera ya anansi athu a ku Zambia, koma yamoyo ndidaiona tsiku limenelo. Tidaomba m'manja ngati ana a sukulu.

Pa Thumbi sipakhala munthu. Mnyamata uja adakocheza boti pa kampata ka pakati pa miyala n'kutitsogolera kukwera, pena ndi miyendo, pena ndi manja omwe, mpaka tidatulukira pamwamba pa thanthwe limene kutsogolo kwake lidaduka ngati adalisema ndi nkhwangwa. Kutsogolo kwa zala za mapazi anga kudali phompho, ndipo pansi pa phompholo padali madzi. Ndidayamba ndakhala pansi chifukwa mawondo adandikana. Kenaka ndidasendera pang'ono n'kusuzumira. Madzi adali mbee, oyera kuposa a pa mjigo wa kwathu, moti miyala ya pansi inkawerengeka umodziumodzi. Pakati pa miyalayo pankasambira tinsomba ta mawanga, tina ta mtundu wa thambo, tina tachikasu, tina ta mizeremizere ngati mbidzi. Mnyamata uja adati zimenezo ndi mbuna. Cha uko kunkaoneka chilumba cha Domwe, patali pang'ono cha Mumbo, ndipo kupitirira apo madzi ndi thambo zidalumikizana popanda msoko. Misozi idalengeza. Ndidakumbukira malemu bambo anga, amene adalima fodya moyo wawo wonse n'kumwalira osadziwa kuti dziko lawo lili ndi malo otere.

Tili m'kati mojambulana zithunzi ndi mafoni, mnzanga wina adaloza pansi. Mumthunzi wa thanthwe lomwelo, moyandikana kwambiri ndi mwala, mudali bwato losema. M'bwatomo mudali bambo achikulire a imvi ndi kamnyamata ka zaka ngati 10. Kamnyamatako kadagwira nkhafi kuti bwato lisasunthe, bambowo akukoka matchera mwakachetechete. Ifetu tidali titangomva kumene za lamulo la mamita 100, ndipo mukudziwa mmene lamulo longolimva kumene limayabwira pakamwa.

"Inu madala!" Wokuwayo ndidali ineyo. "Simukudziwa kuti pano mpoletsedwa? Anthu ngati inu ndi amene mukutha dziko!"

Anzanga adawonjezerapo awo mawu, ndipo wina adati tiwajambule tikawaneneze kwa alonda a paki. Bambo aja adakweza maso kamodzi kokha. Sadayankhe. Adamaliza kukoka ukonde wawo, adalandira nkhafi kwa mwanayo, n'kupalasa pang'onopang'ono kuzungulira thanthwe mpaka adabisika. Kamnyamata ndi kamene kankacheuka kutiyang'ana mpaka mapeto.

Titatsika tidapeza mthandizi wa mnyamata wa boti atatiphikira nsima ndi kampango wootcha. Chibadwire ndidali ndisanadyepo nsomba yokoma chotero. Ndili pa mtanda wachiwiri wa nsima ndi pamene ndidafunsa.

"Achimwene, kampango ameneyu mwamugula kuti?"

"Kwa asodzi, bwana, m'mawa pagombe."

"Osati kwa anthu ngati madala aja?"

Adamwetulira akusonkhezera moto. "Nsomba siyenda ndi chiphaso, bwana. Ikafika m'mbale simungadziwe kumene idagona. Ngakhale kaja ndaponyera nkhwazi ndagula komweko." Adakhala chete pang'ono, kenaka adapitiriza. "Madala aja ndimawadziwa. Mwana wawo adapita ku Joni, ndipo zaka zapita osamveka. Adzukulu atatu ali m'manja mwawo. Eni maboti a injini amapita kutali usiku ndi chilimira, kumene kuli usipa ndi utaka. Bwato lija silingafike kumeneko, ndiponso mikono yawo idatha. Lamulo akulidziwa kuposa inu ndi ine. Akagwidwa ukonde umalandidwa. N'chifukwa chake amadzera mumthunzi."

Nsima idandikanika kutsika. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine ndidali nditangoung'amba mkuyuwo.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikuzenga mlanduwu m'mutu mwanga, ndipo ndaona kuti mbali iliyonse ili ndi mfundo zake. Ndiyambe ndi mbali ya lamulo, pakuti ndine wantchito wa boma ndipo lamulo ndimalilemekeza.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Mitunduyi ilipo mazanamazana, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakhala m'miyala, zambiri zikudya ndere za pamiyalapo, ndipo sizikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Chifukwa cha ichi, chilumba chimatha kukhala ndi mtundu wakewake umene pa chilumba choyandikana nacho palibe. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, choncho imabereka ana ochepa pa nthawi imodzi. Mtundu wa pa chilumba chimodzi ukatha ndiye kuti watha pa dziko lonse, ndipo palibe mudzi wina umene tingakapempheko mbewu yake. Amene akuganiza kuti nsomba sizingathe m'nyanja yaikulu chotere afunse za chambo. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, lidaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nsomba imene pa ubwana wathu inkatchulidwa ngati ndiwo ya dziko idasanduka ya anthu a ndalama.

Ena amati kuletsa kotere ndi nzeru zobwera ndi azungu. Si zoona. Kwathu ku Mkanda, m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe imene yatsala ndi ya kumanda basi, pakuti palibe amene amalowako ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenji, Mfumu Makanjira imatseka usodzi miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, ndipo asodzi amachoka pachilumbapo kuti nsomba ziswane. Mwambo umenewu udayamba boma lisanakhazikitse paki ya ku Cape Maclear. Makolo athu ankadziwa bwino kuti pali malo ndi nyengo zofunika kuzisiya.

Komatu ndikayerekeza Thumbi ndi manda a kwathu, kapenanso ndi Mbenji, ndikupeza kusiyana kumodzi kumene kuli phata la nkhani yonseyi. Kumanda banja lililonse lili ndi wake wogona. Tonse timadziletsa, ndipo tonse tidzagona mumthunzi womwewo. Ku Mbenji msodzi amene wapirira dzinja lonse ndi yemweyo amene amadzakolola nsomba pa tsiku lotsegulira. Wosenza mtolo ndi wodya phindu ndi munthu mmodzi. Pa Thumbi mtolo akusenza ndi madala aja, pamene phindu lake ndidadya ndine, munthu wa malipiro a pamwezi, pamodzi ndi mlendo wochokera ku London kapena ku Johannesburg ndi katswiri wa nsomba wa ku yunivesite. Lamulo likhoza kukhala lolondola pa cholinga chake koma n'kukhala lokondera pa kagawidwe ka ululu wake.

Mudzandiuza kuti alendo amabweretsa ndalama. Zoona ndithu. Mnyamata wa boti uja adatiuza kuti mlongo wake akuphunzira sekondale ndi ndalama za maulendo omwewa. Osema ziboliboli, ophika ndi ochapa m'malo ogona alendo, onsewa amadya za nyanja yokongola. Koma ndalama za alendo zimakonda munthu amene ali ndi boti, Chingerezi ndi unyamata, ndipo madala aja alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Ndalama za pachipata zitamanga chipinda cha sukulu m'mudzi chingakhale chinthu chabwino, koma mdzukulu sangagone atadya chipinda cha sukulu. Tsono ife eni dziko tikafika timati, "Ifetu si azungu," n'kudula pakati ngakhale kochepa kamene kakadatsala m'mudzimo.

Nanga tinene kuti njala ndi chilolezo? Apa ndimakumbukira njala ya 2001 ndi 2002. Amene mudaliko mukukumbukira mmene idalumira m'Mchinji, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, ena akuwoloka malire kukachita ganyu ku Zambia kuti alandire kambale ka ufa. Kwathu nkhokwe idatha mvula isanagwe. M'khitchini mwa amayi anga, pamwamba pa moto, mudapachikidwa mtolo wa chimanga cha mbewu, makoko ake ali bii ndi mwaye. Azing'ono anga ankachiyang'ana akulira. Amayi adati wokhudza chimanga chimenecho wadya chaka cha mawa, ndipo palibe adachikhudza. Adali olondola. Madzi otetezedwa aja ndi chimanga cha mbewu cha nyanja. Aliyense wanjala akaloledwa kutapamo, kamnyamata ka m'bwato kaja kadzakula n'kupeza miyala yokhayokha, ndipo alendo nawo adzasiya kubwera. Choncho njala payokha singafafanize lamulo.

Koma nkhani ya chaka chija ili ndi mbali yachiwiri. Banja loyandikana nalo nyumba lidalephera kupirira, lidadya mbewu yake. Mvula itagwa lidasowa chodzala. Amayi sadakwere pachulu kukawakuwira kuti akutha dziko. Adamasula mtolo wawo uja, adatapako, n'kutuma mlongo wanga kukapereka madzulo kuti anthu asaone. Iwo adali ndi ufulu wonse wodzudzula, pakuti adapirira njala yomweyo, koma sadadzudzule. Ine amene ndidakuwa pathanthwe ndidali nditadya mazira ndi buledi m'mawa womwewo, m'thumba muli alawansi. Kudya mbewu n'kulakwa ndithu, koma woyenera kunena mawu amenewa ndi amene wabwera ndi mbewu ina m'manja.

Chimene chidandipweteka koposa ndidachizindikira ndili m'basi pobwerera. Malire athu ndi Zambia amatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula ikagwa pamenepo, dontho lina limatsikira kumadzulo kupita ku Luangwa, lina limatsikira kum'mawa kulowa m'timitsinje tathu. Timitsinjeto timathira mu Rusa, Rusa amathira mu Bua, ndipo Bua amadzera cha ku Kasungu ndi m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja. Madontho awiri aja amakakumananso mu Zambezi, lina kudzera mu Luangwa, lina kudzera mu Shire, pakuti madzi sadziwa malire a maiko kapena a maboma. Ine amene ndinkati nyanja ili kutali ndakhala ndikuitumizira katundu chaka ndi chaka, ndipo katunduyo ndi dothi.

Mu Bua ndi mmene mpasa, nsomba yaikulu ya m'nyanja, imakwera kukaswana pa timiyala ta m'madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Matopewo amachokera m'minda yathu ya kumtunda, m'mapiri amene tidawameta pofuna nsichi ndi mapaso a zigafa za fodya, ndi m'madimba amene timalima mpaka pamlomo penipeni pa mtsinje. Ine mlangizi ndimaphunzitsa alimi kusiya mpata pakati pa mtsinje ndi dimba. Koma dimba la banja lathu, limene tomato wake amandithandiza kulipira fizi ya ana, bedi lake lomaliza linkanyambita madzi. Chigafa changa ndidachimanga ndi mitengo imene sindidafunse kumene idadulidwa, monga momwe sindidafunsire za kampango uja ndisanayambe kudya. Ndipo mwezi ukafika pakati, ndalama zitatha, ndiwo ya pakhomo panga ndi bonya, tinsomba tija timagwidwa ndi maukonde a maso aang'ono, nthawi zina ndi masikito omwe, amene amakokolola ndi ana a nsomba zina.

Sindikunena kuti dothi la m'dimba langa limakafika pa Thumbi, pakuti Bua amathira kutali chakumpoto. Koma nyanja ndi imodzi, ndipo nsomba ikachepa pamalo ena msodzi amakaifuna pamene yatsala, ngakhale pakhale poletsedwa. Kusiyana kwa ine ndi madala aja n'kwakuti kulakwa kwawo kumachitikira poyera, pansi pa thanthwe limene alendo amaimapo, pamene kwanga kumatsika usiku ndi madzi a mvula, popanda mlonda woti andilande khasu. Pathanthwe paja ndidaima pamwamba, ndipo munthu woima pamwamba amaona zolakwa za a pansi mosavuta, osaona zimene zikugwa kuchokera kumapazi ake.

Tsono funso langa lija ndiliyankha bwanji? Lamulo la pa Thumbi likhale. Nditapatsidwa mphamvu lero sindingalichotse. Kukongola kwa malo aja kulibe mwini mmodzi. Ndi kwa a ku Chembe, ndi kwa ife a ku Mkanda, ndiponso ndi kwa ana amene sanabadwe. Koma chinthu cha tonse chiyenera kulipiridwa ndi tonse. Kuona si kwaulere monga timaganizira. Aliyense amene waima pathanthwe lija n'kusangalala watenga ngongole kwa munthu amene adagona ndi njala kuti m'madzimo mukhale nsomba zoti iye aone. Chilungamo cha lamulolo chagona pa ife oonerera, ngati tikubweza ngongoleyo kapena ayi. Tikapanda kubweza, lamulo labwino limasanduka chikwapu cha okhuta pamsana pa anjala.

Kubweza kwake kumayambira pakamwa, posunga mawu achipongwe kwa munthu amene njala yake sitikuidziwa. Kumafika m'thumba, polipira mtengo woyenera kwa woyendetsa boti ndi wophika nsima, pakuti kukhala Mmalawi sikundipatsa ufulu wodyera mnzanga masuku pamutu. Kumakhudzanso ife a m'boma, amene timadziwa kulemba zoletsa koma timaiwala kufunsa kuti woletsedwayo adya chiyani usiku uno. Wotseka chitseko ayenera kulozanso kumene kuli china chotsegula. Koma gawo lovuta kwambiri la ngongoleyi limabwezedwa pakhomo pako, posunga lamulo limene likupweteka iwe mwini.

Nditafika kumudzi ndidapita kwa atsibweni anga, pakuti dimba lija ndi la mbumba ya amayi ndipo sindingasunthe malire ake popanda iwo. Ndidawafotokozera zonse, za thanthwe, za madala aja ndi za mpasa. Adamvetsera akukoka fodya wawo wa mphuno.

"Ndiye mukuti tisiye mabedi a m'mphepete, a Phiri, pamene pali chinyontho chenicheni, chifukwa cha nsomba za ku Nkhotakota?"

"Inde, atsibweni."

"Nsombazo zikudziwa kuti kuno kuli inu?"

"Sizikudziwa, atsibweni. Koma ine ndikuzidziwa."

Adaseka mpaka kutsokomola. Pomaliza adati gawo langa ndichite nalo zimene ndikufuna, koma lawo ndi la amayi aang'ono ndisalikhudze. Ndidasiya mabedi awiri a m'mphepete, ndidadzalamo udzu wa vetiva, bango ndi mitengo ingapo ya katope. Chaka chimenecho tomato adachepa, ndipo fizi ya mwana wanga wamkazi ndidamalizira ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Amayi a kunyumba sadasangalale nazo, ndipo sindingawaimbe mlandu. Oyandikana nawo dimba akulimabe mpaka m'madzi, ena amandiseka kuti ndikulima udzu. Sindidzinamiza kuti mabedi awiri angapulumutse Bua. Sindidzinamizanso kuti kutaya kwanga n'kofanana ndi kwa madala aja, pakuti ine mwezi ukatha ndimalandira. Chimene chasintha n'chakuti ndikaima pamaso pa alimi kuwaphunzitsa zosiya m'mphepete mwa mtsinje, mawu anga sakwera ngati kale. Ndimayamba ndafunsa kuti dimbalo limadyetsa anthu angati, ndipo timakambirana zimene angadzale pa mpata wosiyidwawo kuti asataye zonse.

Pa zithunzi zonse za ulendo uja ndidatsukitsa chimodzi n'kuchipachika pabalaza. Chikuonetsa madzi, miyala ya pansi ndi chilumba cha Domwe chakutali. M'munsi mwake, chakumanzere, mukuoneka nsonga ya bwato ndi mutu wa kamnyamata kakuyang'ana kumwamba. Wotsuka zithunzi pa boma la Mchinji adandifunsa ngati angadule mbali imeneyo kuti chithunzi chikongole, koma ndidakana. Alendo akabwera kunyumba amayamikira madziwo, ndipo ena amafunsa kuti mwanayo ndi wa yani. Ndimawauza kuti dzina lake sindilidziwa, koma agogo ake ndili nawo ngongole, ndipo ndikadzapitanso kunyanja ndidzayamba ndawafunafuna pagombe la Chembe kuti ndiwapepese ndisanakwere boti la ku Thumbi.